Mdzukulu wa Che Likambale

Mkazi wanga akafuna kuti ndisiye kulankhula pagulu sachita kunditsina. Amangoti, "Achimwene," ine n'kutseka pakamwa. Alendo amayesa ndi ulemu chabe. Ana athu amadziwa chiyambi chake, ndipo aliyense amafotokoza mwa njira yake, moipiraipira. Ndiye ndaona kuti bola ndifotokoze ndekha.

Ine kwathu ndi ku Phalula, ku Balaka. Madzi amene ndinakula ndikuwadziwa ndi a pachitsime ndi a m'ndowa. Nditamaliza sekondale ndinapeza ntchito ya ukalaliki pamsika wa thonje ku Chikweo, zaka zija munthu sunkayenda wopanda khadi la chipani m'thumba. Kumeneko ndi kumene ndinaonana ndi Asiyatu, yemwe ankabwera ndi mayi ake kudzagulitsa thonje. Tinagwirizana. (Za chipembedzo tinakambirana n'kumvana. Ndinkayesa phiri lalikulu ndi limenelo.) Chinatsala n'chakuti ndikaonekere kwa amalume ake, mwinimbumba, ndisanatumize ankhoswe.

Amalumewo anali Che Bwanali, osema mabwato m'mbali mwa nyanja ya Chiuta. Analinso wapampando wa nthambi ya chipani m'deralo. Anali aafupi, omwetulira, olankhula motsitsa. Anthu otere ndi amene ine ndimawaopa.

Tili m'njira Asiyatu anandichenjeza. "Akayamba kutchula mayina a makolo, inu muzingomvetsera. Musawonjezepo kanthu."

Tinawapeza atakhala m'kati mwa thunthu la mbawa, akulisema, bwato litatsala pang'ono kutha. Tinalonjerana. Anandipatsa chitsa kuti ndikhalepo, kenako anandigwiritsa kasemasema wakale, mpini wake utachita kuda ndi thukuta la anthu.

"Ameneyu anabwera ndi Che Mkwepu kuchokera kutsidya uko," anatero, akuloza mapiri a ku Mozambiki. "Che Mkwepu anasiyira mphwawo, mwana wa mlongo wawo, Che Mdoka. Che Mdoka anaphunzitsa aphwawo awiri. Mmodzi ndi Che Kaisi, amalume anga, amene anandiphunzitsa ineyo. Kuno luso silipita kwa mwana wobereka wekha, bambo. Limayenda ndi magazi a kuchikazi, malume kwa mphwake."

Anatchulanso mitengo imene aliyense anagwetsa, ndi bwato la ndani linanyamula ng'ombe yamoyo osapendekeka. Mphwa wachiwiri wa Che Mdoka sanamutchule. Ine sindinafunse. Kenako anandiyang'ana mokoma mtima.

"Nanga kwanuko akuluakulu ankagwira ntchito yanji?"

Zoona zake n'zakuti agogo anga ankaweta ng'ombe za eni, okha ali ndi mbuzi. Pambuyo pa mayina onse aja mbuzizo zinandichepera m'kamwa. Ndinakumbukira kuti tsiku lina ndikudikira basi pa Liwonde ndinamva asodzi akutama mabwato a munthu wina wakale wa m'mbali mwa Shire. Dzina lake linali litandikhala m'mutu popanda ntchito.

"Nafenso kwathu kunali osema mabwato," ndinatero. "Che Likambale, a ku Shire."

Kasemasema wina amene anali m'manja mwawo anaima m'malere.

"Anali ndani wanu?"

Apa ndinaganiza mwanzeru (ndi mmene ndinkaonera nthawiyo). Popeza anali atangonena kuti luso limayenda ndi magazi a kuchikazi, ndinati, "Anali amalume awo a mayi anga."

Che Bwanali anatuluka m'bwato muja pang'onopang'ono. Anaitana mlongo wawo, mayi ake a Asiyatu, n'kuwalankhula m'Chiyao mofulumira. Ine ndinangomvapo dzina la Likambale. Mayiwo anaika manja pamutu, kenako anagwada n'kundigwira maondo, akulira.

Ndi Asiyatu amene anandimasulira, nkhope ili gwaa. Che Likambale ndiye anali mphwa wachiwiri uja. Anakangana ndi mbale wawo Che Kaisi pa nkhani ya mtengo, n'kusamukira ku Shire atatenga mlongo wawo wamng'ono. Kuyambira pamenepo banja silinamvenso za iwo. Tsono ngati Che Likambale anali amalume a mayi anga, ndiye kuti agogo anga aakazi anali mlongo wotayika uja. Ndiye kuti ine ndi Asiyatu tinali a mbumba imodzi.

"Mulungu ndi wamkulu," anatero Che Bwanali. "Munabwera kudzafuna mkazi, mwapeza mlongo. Za ukwati tisazitchulenso, n'zonyansa. Koma mwafika bwino. Bwato latsopano amayamba kulowamo ndi wamagazi, yekha, akutchula makolo. Chaka chino mulowamo ndi inu, kuti Che Likambale abwerere kwawo."

Ndinatsegula pakamwa. Ndinayang'ana mayi akulira aja, ndinayang'ana kasemasema, ndinakumbukira kuti munthu ndamunamizayu ndi wapampando. Ndinati, "Zikomo."

Pobwerera Asiyatu anandiperekeza mpaka pamphambano. Pamenepo anagwada mwaulemu wonse, ngati pamaso pa mkulu wake.

"Muyende bwino, achimwene."

"Asiyatu, ukudziwa kuti sizoona."

"Ine ndikudziwa. Kawauzeni iwowo. Sindingakwatiwe ndi mlongo wanga, komanso sindingakwatiwe ndi munthu woopa kutchula agogo ake."

Ndinayesa, owerenga, ndinayesa. Loweruka ndinapalasa njinga kupita kunyanja mawu nditawakonza bwinobwino. Ndinapeza mbuzi atasenda kale. Abale anali atabwera kuchokera ku Nselema kudzaona nkhope yanga. Bambo wina wokalamba anandizungulira, n'kunena kuti makutuwa ndi a Likambale enieni. Mayi ake a Asiyatu anandipatsa chiwindi ndi dzanja lawo, akunditchula mwana wawo. Munthu ungayambire pati? Ndinadya chiwindicho. Sichinatsike bwino.

Masiku otsatirawo thonje ndinkaliyeza mutu uli kunyanja. Ndinafunsa mlimi wina, ngati nkhani wamba, ngati m'Chiuta muli ng'ona. Anati zilimo koma sizivuta kwenikweni, zovuta ndi mvuu. Ndinafunsa ngati malire ali kutali. Anati m'madzi mulibe chikwangwani, umangozindikira wafika. Kutsidyako kunali nkhondo, ndipo kuno kwathu munthu wopezeka kumalire popanda chifukwa chomveka ankakwezedwa galimoto, abale n'kumangonong'ona. Ndinaona kuti njira zanga zonse n'zoipa. Ndikaliyendetsa bwino bwatolo, ndine wamagazi, Asiyatu wapita. Ndikalephera, ndimira. Ndikapanda kumira, ndikafika kwa eni nkhondo.

Linafika Lachisanu, anthu atatuluka mumzikiti. Padooko panadzaza. Bwato linali litakhala m'madzi, loyera, lopapatiza kuposa mmene ndinkalikumbukira. Amayi anawaza ufa kumutu kwake. Ine ndinabwera nditavala malaya oyera ndi nsapato za kuntchito (sindikudziwa chimene ndinkaganiza), khadi la chipani lili m'thumba la pachifuwa.

Che Bwanali anandipatsa nsungwi yaitali yokankhira. "Muima kumbuyo. Dzina limodzi, kukankha kamodzi. Mukafika pothera bango mutembenuke. Magazi akukumbutsani."

Ndinalowa. Bwato linagwedezeka ngati lamoyo. Wina anati "Bismillahi" n'kulikankha.

"Che Mkwepu!" ndinatero, mawu atatuluka aang'ono ngati a mwana. Ndinakankha. Bwato linapita. Amayi analulutira.

"Che Mdoka!" Linapitanso, mokhota pang'ono. Mumtima ndinayamba kuopa china, kuti mwina ndikhoza.

"Che Likambale!"

Apa ndinakankha ndi mphamvu zonse, nsungwi n'kulowa m'matope osafunanso kutuluka. Bwato linkapita, nsungwi itaima. Ndinayenera kusankha chokhala nacho. Ndinasankha bwato. Ndinagwa chagada m'kati mwake, miyendo m'mwamba, ndipo pamene ndinkadzutsa mutu nsungwi ija inali itaima yokha kumbuyo, ikugwedera.

Kamphepo kochokera kumtunda kanalitenga bwato bwinobwino kudutsa m'kanjira ka m'bango. Phokoso la anthu linayamba kuchepa. Bango linatha. Kutsogolo kunali madzi okhaokha, ndi mapiri aja, amene tsopano ankaoneka ngati asendera. Ndinayesa kupalasa ndi manja, koma nditakumbukira ng'ona ndinawabweza msanga n'kuwaika m'khwapa. Ndinagwira khadi pachifuwa. Ndinayamba kukonza zimene ndikanene kwa asilikali, koma Chipwitikizi chimene ndinkadziwa chinali moni yekha.

Kenako kumanzere, m'mphepete mwa bango, china chakuda chinatulutsa mutu n'kupuma mwamphamvu. Fuu!

Sindikudziwa kuti mawu ndinawatenga kuti. Anthu amati anamveka mpaka kumsika.

"Che Bwanali! Ndinanama! Likambale sindimudziwa! Mayi anga ndi Nachisale a ku Phalula! Mayi awo ndi Nangozo! Amalume awo ankasoka mphasa! Agogo anga aamuna ankaweta ng'ombe za eni! Kwathu kulibe analowapo m'bwato! Ndithandizeni!"

Chinthu chija chinapumanso, chikubwera. Ndinaimirira kuti ndithawe. (Kuthawira kuti, musandifunse.) Bwato linatembenuka.

Ndinamwa madzi, ndinatsanzika mayi anga, ndinapempha chikhululukiro m'zipembedzo zonse ziwiri. Kenako mapazi anagunda pansi. Madzi ankalekeza m'chifuwa. Koma matope anandigwira mpaka m'maondo, moti sindikanatha kusuntha, ndipo ndinaima choncho maso nditatseka, kudikira mano.

Chinandinunkhiza khutu. Fungo lake ndinalidziwa ndisanatsegule maso. Inali ng'ombe. Za kumeneko zimalowa m'madzi kukadya udzu wa m'dambo. Ine, mdzukulu wa woweta ng'ombe, amene ndinali nditangolengeza zimenezi kwa dziko lonse, ndinalephera kuzindikira ng'ombe.

Che Bwanali anafika pa bwato lakale, osafulumira. Anayamba atembenuza bwato latsopano lija, kuliyang'ana uku ndi uku ngati lakalika, n'kulimangirira kumbuyo. Atatha ndi pamene anandiyang'ana ine.

"Mphepo inandisokoneza, sindinamve bwino. Mayi anu ndani?"

"Nachisale."

"Mayi awo?"

"Nangozo. Chonde, pali chinthu chikundiluma mwendo."

"Ndi misundu chabe. Nanga Nangozoyo sanakhaleko ku Shire?"

"Iyayi. Sanapitirirepo pa Balaka."

"Mukutsimikiza? Chifukwa makutuwo..."

"Ndi a bambo anga!"

Che Bwanali anamwetulira monga mwa masiku onse. "Tsiku lija ndinakupatsani kasemasema munamugwira ngati khasu. Ndinakayika. Koma munthu akatchula yekha makolo ake, ine ndingamutsutse bwanji? Ndinati litifotokozere bwato." Anandipatsa nkhafi kuti ndigwire, n'kundizula m'matope. Nsapato zinatsala komweko, ndipo zili komweko mpaka lero.

Padooko anthu anali atagona pansi ndi kuseka. Che Bwanali anakweza dzanja. "Mwaona nokha. Uyu si wathu. Magazi athu sanayambe akhalapo m'bwato miyendo ili m'mwamba. Ndi mlendo ndithu." Anatembenukira kwa ine. "Ndiye mukhoza kutumiza ankhoswe."

Ndinapisa dzanja m'thumba kuti ndipeze kampango kopukutira nkhope, ndipo ndinatulutsa phala. Linali khadi lija. Che Bwanali analiyang'ana, nkhope n'kusintha kukhala ya wapampando. Anandigulitsa lina pomwepo, ndisanaume.

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Mayi ake a Asiyatu anali atakhala pambali, akuyang'ana kumadzi. Iwo anali atakhulupiriradi kuti mbale wawo wotayika uja anasiya ana, ndipo mmodzi wabwera. Ndinapita kukagwada pamaso pawo, ndili chidonthere.

"Chiwindi chija," anatero, n'kunyamuka.

Sanandilankhulenso mpaka thonje lina litacha. Pa zonse za tsikulo, chimene chimandiwawabe ndi chimenecho. Nditakwatira ndinkati ndikapeza tchuthi ndimapita ku Liwonde kukafunsa za Che Likambale ndi mlongo wawo. Asodzi ankadziwa mabwato, za anthu ake sankadziwa. Apongozi anga anamwalira ndisanawapezere kanthu.

Ndinakhala chikamwini kunyanjako zaka zingapo, osalowanso m'bwato. Mpaka pano akamalowetsa latsopano m'madzi amatchula mayina aja, ndipo akafika pa Che Likambale wokankhayo amayamba wayesa nsungwi ngati yalimba m'matope, anthu onse n'kuyang'ana kumene ndakhala ine. Ndiye kuti m'mbiri ya banjalo ndinalowamo ndithu, kungoti polowera pake si pamene ndinkafuna.

Mungaganize kuti ndinaphunzira. Mwezi wathawu tinali pamaliro ku Ulongwe, abambo akukambirana za mitengo yabwino yosemera mabwato. Wina anati mkuyu. Ndinapezeka ndakonza kukhosi, ndikunena kuti, "Ife a banja la osema mabwato timati..."

Kuchokera kumene kunakhala amayi, patali ndithu, kunamveka mawu aulemu kwambiri.

"Achimwene."