Mbira Zisanu ndi Imodzi za Bwana Dokotala

Lolemba

Mwayi wandigwera lero! Bwana Dokotala, mzungu wa ku Zomba, wafika pa kachipatala kathu kuno ku Balaka ndi bokosi la mbira zisanu ndi imodzi. Zitatu wazibaya magazi a bambo Kalipinde, msodzi wa ku Shire amene akungosinza ngakhale masana. Tikuwaganizira kaodzera, nthenda ya kashembe ija. Zobayidwazo wazipaka jivi pamsana, mankhwala opaka pazilonda aja, kuti zidziwike. Zitatu zinazo sanazibaye, n'zoyerekezera chabe. Loweruka abwera kudzaziyeza magazi.

Akuti ndikazisunga bwino anditenga ndikagwire ntchito ku Zomba, pa makina oonera tizilombo. Zaka zisanu ndi zinayi ndikutsuka zilonda, basi zakwana.

Kuchipatala kuli mphaka wosamva, ndiye ndabwera nazo kunyumba. Malamulo anga:
Osazigwira.
Osazitcha maina.
Osazitchula pokamba za ndiwo.

Lachiwiri

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Mudzi uno si wanga, ndine mkamwini.

Apongozi, mayi a akazi anga, akhala pambali pa bokosi kuyambira m'mamawa. Ine sindingawayandikire, sindingawayang'ane kumaso, nanji kuwaletsa kanthu. Ndaima kuseri kwa nkhokwe n'kutuma mayi a Rozina, akazi anga: akawauze kuti asazigwire.

Ndikumva ndi makutu anga uthenga ukufika: "Amayi, akuti muzizigwira bwinobwino."

Apongozi akuti: "Kodi zinalakwanji kuti azizibaya? Zinadya za yani?"

 Zimenezi ku maphunziro sanatiuze.

Lachitatu

Zonse zili ndi maina tsopano. Yaikulu ndi Che Bwana, chifukwa imadya osathokoza. Yakhutu long'ambika ndi Masikini. Zinazo ndakana kuzimva.

Bokosi lasamukira kukhitchini kwa apongozi, akuti kwathu kukuzizira. Chakudya cha lero: masamba a mbatata, makoko a nthochi, gaga, ndi mtedza umene ine chikwatirire sindinapatsidwepo.

Ndatuma uthenga wina: mbirazo n'za Boma. Wabwera ndi yankho: "Boma likadakhala ndi chisoni likadaziikira kansanza."

Madzulo apempha kabotolo ka jivi, akuti ali ndi chilonda kuphazi. Ndapereka msangamsanga. Mkamwini wabwino ndine!

Lachinayi

Kalanga ine!

Ndasuzumira m'bokosi apongozi ali kumunda. Zonse zisanu ndi imodzi zili ndi jivi pamsana. Zonse! Che Bwana mpaka m'makutu.

Mayi a Rozina akufotokoza mosatekeseka konse, akusenda chinangwa: "Amayi anaona kuti mzungu wapatsa mankhwala zitatu zokha, zinazo wazimana. Akuti ana a nyumba imodzi sawapatsa mokondera."

Ndakwiya kwambiri. Koma ndikalipire yani? Ndakalipira nkhuku.

Chilonda chakuphazi chija, ndafunsa, kulibe.

Lachisanu

Tsiku lonse ndikuyesa kukumbukira zimene zinabayidwa. Njira zimene ndayesa:
Kuyang'ana jivi wakale ndi watsopano. Apongozi anabwereza paliponse, ndi dzanja lolemera.
Kufufuza bala la jakisoni. Lapola.
Kudikira kuti ndione yosinza. Zakhuta mtedza, zonse zikusinza.

Ndaganizapo zongosankha zitatu n'kunena kuti ndi izi. Ndani angadziwe? Koma ndadutsa kuchipatala, ndapeza bambo Kalipinde atagona pakhonde chikho cha phala chili m'manja, akazi awo akuwaingitsira ntchentche. Ndikanama, Bwana alemba bodza, munthu uyu apatsidwa mankhwala olakwika kapena amanidwa oyenera. Sindingathe.

Chinanso, ndipo ichi ndikulemba muno mokha. Ndanyamula Masikini kuti ndimuyang'ane bala, kamtima kake kakugunda m'dzanja langa thi thi thi. Ndamva chisoni. Ndamupepesa. Ine, wa malamulo atatu uja.

Loweruka

Ndabweza bokosi kuchipatala, Bwana wafika. Watsegula bokosi. Wasuzumiramo, khosi likufiira.

Ndanena zoona zonse. Wafunsa kuti bwanji sindinangowaletsa mayiwo. Ndayesa kufotokoza za ukamwini m'Chingerezi changa, ndaona kuti sizikulowa, ndasiya.

Apongozi abwera okha, avala chilundu cha ku tchalitchi, akhala pansi pa mtengo wa mango moyang'ana khomo. Bwana akamaboola khutu la mbira kuti atenge kadontho ka magazi, iwo kunjako: "Pepa mwanawe, pepa!" Kasanu ndi kamodzi. Pa yachinayi ndamumva Bwana naye akung'ung'udza pepani wa kwawo.

Sanapeze kachilombo m'mbira iliyonse. Koma akuti sangakhulupirire zimenezi: sakudziwa yobayidwa ndi iti, ndiponso sabata yonse zakhala mu utsi, zikudya zosadziwika. Ntchito yonse yapita m'madzi. Bambo Kalipinde ayenera kupita iwo eni ku Zomba akawatenge madzi a pamsana ndi singano yaitali ija. Atamva, anandigwira dzanja: "Adokotala, kodi imapweteka?" Ndinati pang'ono. Imapweteka kwambiri.

Za ntchito yanga Bwana sanatchule. Ine sindinafunse.

Lamulungu

Mbira zatsala kuno. Bwana akuti alibe nazo ntchito, koma poti zitatu zili ndi magazi a wodwala, zisadyedwe, zisagulitsidwe, zisatayidwe. Ndiye kuti tizisunga mpaka zidzafe ndi ukalamba. Apongozi akuti mzunguyu tsopano wayamba nzeru.

Ku Misa ndayesa kuganiza kuti wolakwa ndani. Mbira sizinapemphe jakisoni. Bambo Kalipinde sanapemphe kashembe. Apongozi anachita chifundo, ndipo chifundo chawocho chikapweteka msana wa munthu wina. Ndikawauza zimenezi adzalira, ndipo ndidzere pati powauza? Ndangosiya.

Galimoto ya Bwana yanyamuka titatuluka m'tchalitchi. Inali ndi malo a munthu mmodzi, pakati pa mabokosi. Akhalapo bambo Kalipinde, kamtolo ka chinangwa chophika kali pamiyendo, kochokera kwa apongozi. Asanafike n'pokhota pomwe, mutu wawo unali utagwera kale pachifuwa ndi tulo.

Ndaimirira mpaka fumbi litatha. Kenaka ndatenga chikwakwa. Mbira zikulira udzu, ndipo mawa kuli zilonda zondidikira.