Suti ya Amalume pa Lole Yaulere

Anthu akandifunsa kuti ine mwana wa ku Katete ndinaikonda bwanji Ndola, ndimati ndi chifukwa cha misewu yake ya mitengo uku ndi uku. Limenelo ndi bodza laulemu. Zoona zake n'zakuti Ndola ndinaikonda tsiku limene inandipaka ufa kuyambira kumutu mpaka kunsapato, ndili m'suti ya eni ake.

Zinali zaka zija mafakitale ankagulitsidwa, abambo n'kumabwerera kunyumba dzuwa lili pamutu. Ine ndinati ndikaone tauni, ndikacheze kwa amalume ku Chifubu. Ulendo wake unali wachimphawi zedi. Kuchoka kwathu ndinakhala pamwamba pa matumba a mtedza, ku Lusaka n'kukwera sitima, kamba wanga ali chinangwa chootcha ndi mbewa zouma zokulunga m'nyuzipepala. (Inde, mbewa. Woseka aseke, koma azikumbukire chifukwa zibweranso.)

Mmene ndinatsika, mtima unangoti pha! Njanji zopingasana, nyumba zakale za makhonde aatali, machumuni a mafakitale kutalika kwake khosi kuwawa. Ambiri anali atazima, koma amalume ankawaloza monyadira ngati ana awo. "Apa, mphwanga, tinkapanga mapoto ndi zidebe. Dziko lonse linkaphikira m'manja mwanga." Fakitale yawoyo inali itatsekedwa n'kugulidwa ndi anthu ena, ndipo Lolemba lotsatira eni atsopanowo anaitana antchito akale kuti akasankhepo ochepa. Chiyembekezo chonse cha amalume chinali pa suti yawo yakuda, imodzi yokhayo, imene inkapachikidwa kuseri kwa chitseko itavekedwa pulasitiki.

Tsono m'tauni muli mtengo wakalekale umene amati ogula akapolo ankapumirapo. Ine ndinafuna chithunzi pamtengo umenewo, choti akachiona ku Katete akadziwe kuti munthu anayenda. Koma chithunzi cha m'shati yopauka? Loweruka ndinawanyengerera amalume mpaka anagonja.

"Tenga," anatero. "Koma ikagwera ngakhale kadontho, usabwerenso kuno. Ungopitirira ku Katete wapansi."

Ndalama imene ndinali nayo inali ya chimodzi, minibasi kapena wojambula. Ndinasankha wojambula, n'kuponya mbewa zotsala m'thumba la jekete kuti ndisagule chakudya, ndiye ndinauyamba wapansi. Sindinapite patali, lole yodzaza anthu oimba nyimbo za kutchalitchi inaima pambali panga. Bambo wina anatambasula dzanja.

"Kwerani mudala, tachedwa!"

Abale, ndi tauni iti ina imene imanyamula mlendo ulere, n'kumuimbiranso? Ndinakwera. Amayi anandisunthira malo poona suti. Ine mano onse pamtunda, ndikuwerenga zikwangwani za masitolo, ndikugwedeza mutu kutsata nyimbo. (Kuti amayi onse anali atamanga mipango ndipo palibe wina amene ankamwetulira, ndinaziona ndithu. Ndinangoti ndi kwaya yaulemu.) Mtengo wanga uja ndinauona ukudutsa. Ndinagogoda m'mbali mwa lole, palibe anandimva. Pokhota pakona m'pamene ndinaona galimoto yotitsogolera, bokosi lili pambuyo. Tinali kupita kumanda.

Nzeru inali yoti titatsika ndizembe. Koma suti simazemba nayo. Anandikankhira kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi anamfedwa, ndipo poti ndinaleredwa bwino ndinagwada n'kupepesa m'Chichewa chakwathu chosasakaniza. Mayi wamasiye anadzutsa mutu.

"Achimwene, mwachokera kumudzi?"

"Ku Katete, mayi. Koma ine pepani, ndangokwera..."

"Amuna anga kwawo n'komweko," anandidula monong'ona. "Uthenga tinatumiza, koma sanabwere ndi mmodzi yemwe, yokwerera alibe. Chonde mungonenako mawu awiri m'malo mwa abale, anthu asamati tinawaika ngati munthu wopanda kwawo."

Ndikanakana bwanji? Ndinafunsa mfunda wa malemuwo, ndipo unapezeka kuti ndi wa amayi anga. Basi, ameneyo ndi m'bale.

Nthawi itakwana ndinaimirira. Ndinati munthu uyu anachoka kwathu ndi kachikwama kamodzi, Ndola n'kumupatsa ntchito, banja ndi anthu onsewa. Ndinati ntchito inatha koma anthu inu simunathe, ndipo ife akumudzi tikuthokoza kuti munatisungira mwana wathu. Amayi anayamba kufwenthera, abambo akugwedeza mitu. Ndikanakhala pansi pomwepo bwenzi zili bwino. Koma kukoma kwa mawu kunandikwera m'mutu, ndinawonjezera kuti m'bale wathuyu anali munthu wofatsa, wosadziwa n'komwe khomo la malo omwera mowa. Kumbuyo kunamveka chifuwa. Chinafalikira manda onse, mpaka abusa anabisa nkhope m'buku la nyimbo.

Titatha kuika maliro ndinati tsopano ndapulumuka. Ndinali nditaiwala chimbuya. Kwathu ndinkangomva kuti Abemba ndi ife akum'mawa ndife asuweni otonzana, ndipo kuti wakum'mawa akamwalira Abemba ndiwo amagwira ntchito zonse zapamaliro, kenako n'kupaka abale ake ufa ndi kuwaseka kuti misozi iphwe. Kumva ndinamva, koma sindinaganize kuti m'bale wamkulu pamaliro amenewa ndine.

Kunatulukira mayi wina wachibemba wojintcha, dzina lake Bana Mwila, atanyamula beseni la ufa wothira timadzi.

"Iwe wodya mbewa, bwera kuno! Mwatisiyira munthu wanu zaka zonsezi, lero wabwera ndi suti?"

"Mayi, chonde, suti si yanga!"

"Ndiye bwino. Akachapa eni ake."

Mayo ine! Anayambira kumutu, anzawo akundigwira manja. Ufa m'kolala, ufa kumsana, ufa m'makutu. Wina popisa dzanja m'thumba la jekete anatulutsa kanyuzipepala kaja n'kukatambasula pamaso pa anthu onse. Phokoso lake! Bana Mwila anakweza mbewa imodzi kumwamba ataigwira kumchira, akufuula kuti umboni wapezeka. Ngakhale mayi wamasiye uja anaseka, misozi ili m'masaya. Nditaona zimenezo ndinasiya kulimbana nawo. Ndinawauza kuti odya anyani alibe pakamwa ponenera anzawo, ndipo anandiwonjezera ufa wina.

Kunyumba ndinafika ndili mbuu. Amalume anali pakhonde akupukuta nsapato za Lolemba. Anandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira, ine ndikuyeza m'mutu kutalika kwa msewu wa ku Katete. Kenako anafunsa motsitsa kuti anali maliro a ndani. Nditatchula dzina, anaika nsapato pansi. Anali mnzawo wa kufakitale, ankagwira makina oyandikana. Chitsekedwere ntchito anthu anabalalika, ndipo uthenga sunawapeze.

"Ndiye wamuyankhulira ndiwe?"

"Ndine, amalume. Ndinanenanso kuti sankamwa."

Amalume anaseka mpaka kugwira nthiti, kenako anapukuta m'maso. "Chabwino. Ine sindinapite, koma suti yanga inafika."

Lamulungu lonse tinaikutumula, kuipukuta ndi kansalu konyowa, kuisita. Ufa wa m'misoko unakana, ndipo pathumba panatsala banga la mafuta a mbewa. Lolemba anaivala chomwecho, mutu uli m'mwamba. Ntchito sanawatenge, anasankha anyamata. Ine ndimati sichinali chifukwa cha suti, ndipo amalume mpaka kumwalira kwawo sananenepo kanthu. Koma kundipweteka kumandipwetekabe.

Ku Katete ndinangopita kukatenga katundu. Ndinayamba kugulitsa mtedza pamsika wa Chifubu, benchi yanga kuyang'anizana ndi ya Bana Mwila, amene sanandiitanepo dzina langa lenileni. Chithunzi cha pamtengo uja sindinajambulitse mpaka lero, ndipo lole ya anthu oimba ikaima ndimakwerabe, kungoti masiku ano ndimavala shati yakale.

Patapita zaka zambiri amalume anamwalira, ndipo tinawaika m'suti yomweyo. Titachoka kumanda ndinaona gogo wina akubwera pang'onopang'ono, ndodo kudzanja limodzi, kambale ka ufa kudzanja linalo.

"Iwe wodya mbewa," anatero Bana Mwila, "bwera kuno."

Dzanja lawo silikanafikanso kumutu kwanga, ndiye ndinawerama.