Nkhondo ya Nkhunda Khumi ndi Imodzi pa Madisi

Tcherani khutu, inu mapiri a Dowa ndi a Ntchisi, nanunso a kabaza tazimitsani njinga zanuzo, pakuti ndinene za chaka chija mapuloti a pa Madisi anayamba kutsatsidwa pa foni ngati bonya, chaka chimene kunabuka nkhondo yoti zidzukulu zathu zikadzaimva zidzagwira pakamwa ndi manyazi.

M'masiku amenewo, kuseri kwa chigayo, kunali kaofesi ka a Bryson, dobadoba wa nyumba ndi mapuloti. Ntchito ya a Bryson inali kugwirana chanza ndi anthu ndi kujambulitsa, basi. Chanza chikatha, zotsala zonse zinkagwera Abigail: Mwini Fayilo, Mwana wa ku Dzoole, Wothera Mayunitsi pa Anthu Osayankha Foni, Iye Amene Makina a Fotokope Amamuopa. Ndiye ankasonkhanitsa ziphaso, kusaka mboni, kunyengerera woyeza malire, kukumbutsa akuluakulu masiku amene anasankha okha, ndi kusunga kiyi m'chikwama mwake kufikira wogula ndi wogulitsa atasaina tsamba lomaliza. Sankagula, sankagulitsa, koma zikavuta wotukwanidwa anali iyeyo.

Wogula anali mayi Debora Nachisale, Mkango wa Sitandade Faifi, amene anadya choko zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo tsopano, atapuma ntchito, anauzidwa kuti Lachisanu masana akhale atatuluka m'nyumba ya sukulu chifukwa mphunzitsi watsopano akubwera ndi banja lake. Kwina kolowera analibe. Wogulitsa anali bambo Elifala Kamwendo, Njovu ya m'Zigafa, mkulu wa mpingo, amene fodya anawatopetsa ndipo ankabwerera kwawo ku Ntchisi. Zonse zinali zitatheka. Kunangotsala tsamba limodzi, lonena kuti wogula watenga "nyumba ndi zonse zozikika pansi."

Lachiwiri magulu awiriwa anakumana pabwalo la nyumbayo, Abigail atayala mapepala pa mpando, cholembera chili chotsekula kale. Apo ndi pamene maso a aphunzitsi anagwera pa khola la nkhunda, loima pa mitengo inayi kuseri kwa khitchini.

"Khola ilo," anatero mayi Nachisale, "ndi lozikika."

"Khola ndi lozikika, aphunzitsi," anayankha a Kamwendo, akukonza jekete, "koma kodi munaonapo nkhunda yozikika?"

"A Kamwendo! Ine ndaphunzitsa Chichewa musanamere ndevu zachiwiri. Khola lopanda nkhunda si khola, ndi nkhuni. Ndagula khola ine, sindinagule nkhuni!"

"Mverani, inu mboni!" anafuula a Kamwendo, atakweza chala kumwamba ngati ali pagome. "Nkhunda izi zadya gaga wanga m'chaka cha njala ndi m'chaka cha dzinthu. Ndisiye malata, ndisiye mapapaya, ndisiye ngakhale chimbudzi chimene ndinakumba ndi manja awa, koma nthenga imodzi yokha sindisiya!"

Abigail anatseka cholembera. Anali ataonapo malonda akufa chifukwa cha malire, chifukwa cha amalume otulukira ku Joni, ngakhale chifukwa cha dzina lolembedwa ndi R pachiphaso pomwe papepala lili ndi L. Koma nkhunda, abale, nkhunda!

Lachitatu m'mamawa Njovu ya m'Zigafa inachita zimene akatswiri a nkhondo adzaziphunzira mpaka kalekale. Inagwira nkhunda zonse khumi ndi imodzi, kuziika m'dengu, kumanga chitenje pamwamba, ndi kukwera nazo njinga yamoto kudutsa zitunda ndi zigwa mpaka kumudzi ku Ntchisi, kumene inazimasula ndi pemphero lalifupi. Pobwerera njinga inaphulika tayala. Pamene a Kamwendo ankafika pa Madisi, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, anapeza nkhunda zija zili ndanda pakhola, zikudzikonza nthenga, ndipo mayi Nachisale ali chilili pamsewu, manja m'chiuno.

"Zavota!" anatero aphunzitsi. "Ngakhale mbalame zikudziwa mwini nyumba."

"Zoona zimenezo," anatero a Kamwendo akutsokomola. "Ndipo poti sindinasaine, mwini nyumba ndine. Zabwerera kwa ine."

Pamenepo Mwini Fayilo anaimbira a Bryson kupempha thandizo. A Bryson anati ali pamaliro, ngakhale kumbuyo kwawo kunkamveka mpira wa pa TV, ndipo anamulimbikitsa ndi mawu a atsogoleri onse a dziko lapansi: "Ingozionera, Abi, ndimakudalira."

Lachinayi Abigail anabwera ndi mapangano atatu otayipa bwino. Loyamba linati agawane, zisanu ndi chimodzi kwa wina, zisanu kwa wina. Anakangana za yotsalayo. Pangano lachiwiri linati yotsalayo iphedwe adyere limodzi. Anakangana za mwini chiwindi. Pangano lachitatu sanalimve n'komwe, pakuti nkhondo inali itafika pachimake. Mayi Nachisale anatulutsa liwu lija linkaimitsa ana mazana asanu pamzere popanda belu, nakumbutsa a Kamwendo kuti mwana wawo anabwereza Sitandade Faifi kawiri, ndipo tsopano zaoneka kumene anatengera mutu. A Kamwendo analumbira kuti nkhaniyi ikafika kubwalo la mpingo. Amayi a pachigayo anasiya matumba awo, a kabaza anasiya makasitomala, ndipo galu wa pakhomopo anauwa osadziwa mbali imene ali.

Mwadzidzidzi kunamveka kuti phaphapha! Nkhunda zonse zinanyamuka, zinazungulira bwalo kawiri, ndi kukatera padenga la a Stefano, wokhoma zidebe wa kuseri kwa mpanda, munthu amene amagogoda malata kuyambira m'mawa mpaka madzulo koma sanamvekepo akukweza mawu pa mkazi wake.

A Stefano anasuzumira pampanda, nyundo ili m'manja. "Pepani akuluakulu," anatero mofatsa, "ine sindinaziitane. Koma nanga simudziwa? Nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu."

Mkulu wa mpingo anayang'ana nsapato zake. Mkango wa Sitandade Faifi unakonza duku lomwe linali lokonzeka kale. Madisi yense anali atamva chiweruzo, ndipo chinachokera kwa mbalame.

Lachisanu linacha ndi mitambo yakuda kumapiri. Katundu wa aphunzitsi anali atakwezedwa kale pangolo: matiresi, kabati, makatoni a mabuku, zonse poyera. Abigail anaitana ankhondo awiri aja pabwalo lomwelo, pansi pa khola lopanda kanthu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya ntchito yake sananene kuti pepani.

"Amayi, abambo," anatero, "ine ndayenda ndi fayilo iyi masabata asanu ndi awiri. Nsapato yanga yatha chidendene. Chiphaso chanu, abambo, ndachijambulitsa kanayi chifukwa mumachisunga m'thumba limodzi ndi fodya. Mvula iyo ikubwera, matiresi a amayi ali panja, ndipo mukulimbirana zinthu zimene zasamukira kwa a Stefano. Ndawonjezera mzere umodzi. Mverani: nkhunda zidzakhala za yemwe zidzam'sankhe zokha. Sainani apa, ndi apa, ndi inki yakuda, ndipo wina asandifunse kanthu."

Anasaina. A Stefano anasaina ngati mboni, akumwetulira mopitirira muyeso.

Tsono mtendere unakondwereredwa motere, ndipo amene anaona sadzaiwala. Popeza aliyense ankafuna kuti nkhunda zimve kuti ndewu yatha, a Kamwendo ndi mayi Nachisale anaima pakati pa bwalo atagwirana manja, nkhope zitaloza kudenga la a Stefano, akumwaza gaga ndi dzanja linalo ndi kukuwa mwaulemu.

"Achemwali anga okondedwa! Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, achimwene anga a mtima wabwino! Ana ali bwanji, makamaka wanzeru uja?"

Anaseka mokweza, mano okhaokha. Nkhunda zinapendeketsa mitu, zinawayang'ana ndi diso limodzi, ndipo sizinasunthe.

Madontho oyamba atagwa, Abigail anapisa m'chikwama natulutsa kiyi. Mayi Nachisale anamulandira ndi manja awiri. Zaka zonse zija anatsekula zitseko za boma ndi za mishoni, makiyi olembedwa manambala a eni ake. Uyu yekha ndiye anali wawo. Pachitseko kiyi anakana kuzungulira, ndipo Mkango uja, umene sunalirepo pamaso pa mwana wa munthu, unayamba kufwenthera.

A Kamwendo anayang'ana kudenga kuja kaye, kenako anatsitsa mawu kuti mbalame zisamve.

"Kokerani chitseko kwa inu, aphunzitsi, kenako mupotoze. Ndinachipachika ndekha, n'chokhota." Chitseko chinatseguka. "Tsono mwaimiranji? Gwirani uko, matiresi anganyowe."