Timu ya Phala

Lolemba

Tsoka silinunkha. Apongozi, bambo a mkazi wanga, amene anabwera kuchokera ku Dedza kudzaona mdzukulu wawo Tadala, akubwerera Lolemba likubwerali. Lero tikumwa tiyi angoti: "Mkamwini, ndisanapite ndikuoneni m'golo. Mbiri yanu yandikwana kuimvera pa foni." Tiyi wandilowa m'mphuno.

Mbiriyo mwini wake ndine. Ndinangowauza kuti ndine goloboyi wa timu ya pakoleji yathu ku Joondalup, kuno kutsidya kwa nyanja, ndi kuti m'ligi yonse ya makoleji dzina langa amalidziwa. Bodza lili pati? Amalidziwadi! Chimene sindinatchule n'chakuti chiyambire ligi sitinapambanepo ngakhale mwangozi.

Mkuluyu anali hedimasitala, ndipo ankayimbira mpira wa masukulu. Chikwatire mwana wawo sanandiyamikirepo pa kanthu. Nditawaonetsa galimoto, anangoizungulira n'kufunsa ngati ili ndi tayala lapadera. Ndikufuna andiyamikire kamodzi kokha, basi, ndikhale munthu.

Mwayi ulipo: ligi ili pa tchuthi. Masewero akunja kwa ligi amakonza ndi mlembi wa timu, ndipo mlembiyo ndine.

Lachiwiri

Nzeru yandipeza m'kalasi, tikuphunzira kumanga mabala. Mnzanga wina wokonda mpira wa makoleji a ku America akuti kumeneko timu zikuluzikulu, zisanayambe kuphana ndi anzawo a m'ligi, zimaitana katimu kofooka kakunja kwa ligi n'kukakwapula makolo akuonerera. Anthu anzeru, Aamerika! Ine ndikufuna yoteroyo: timu yofewa ngati phala la mwana, yoti mpira usafike n'komwe kumene ndaima.

Amene ndikuwaganizira:
– kwaya ya abambo ya kumpingo kwathu (ambiri amapuma pakati pa vesi)
– anyamata ogulitsa m'masitolo ku Morley
– madalaivala a ku depoti ku Kewdale

Tsiku nalo ndi mlandu pawokha. Lachisanu a Pentekosite athu ali ndi mapemphero. Loweruka otchinga kumbuyo onse ndi a Sabata. Lamulungu m'mawa otsalafe tili m'tchalitchi. Ogwira kunyumba za okalamba yankho lawo ndi limodzi: "Zitengera shifiti, achimwene." Kwatsala Lamulungu masana, kampata kakang'ono ngati diso la singano.

Lachitatu

Kwaya yakana. Wapampando akuti: "Ife maondo tinawapereka kwa Ambuye."

Ndakwera basi kupita ku Morley kukawazonda anyamata aja, akupanga tireningi papaki kuseri kwa masitolo. Ndaima kumtengo ngati wofuna kuba nkhuku. Mayo ine! Ana amenewo sathamanga, amauluka. Wina wamenya mpira mpaka chitsulo cha golo chalira. Wandiona, wabwera n'kundifunsa ngati ndine bambo uja wa pakoleji wofuna masewero. Ndati ayi, ndikudikira basi. Pamalopo sipaima basi.

Kunyumba ndapeza apongozi akupukuta wenzulo ndi mpango. Anabwera nayo m'sutikesi! Munthu kuwoloka nyanja yonseyi ndi wenzulo, ndani anamuuza kuti kuno kulibe? Akuti adzayimbira okha.

Chakudya sichinalowe bwino.

Lachinayi

Kewdale. Aleluya!

Ndawapeza madalaivala pa nkhomaliro, atakhala pa mapaleti, matabwa osanjikapo katundu aja, akudya mapayi. Mimba zake! Wina pomanga nsapato amayamba wapuma kaye. Kaputeni wawo ndi a Tembo, a ku Chipata, mutu wonse mbuu imvi. Ndisanamalize n'kufotokoza komwe, iwo: "Ba sekiletale, palibe vuto, tizabwela. Bwalo ni yanu, ise tizabwelesa chabe mendo."

Avomera msanga ndithu. Anthu abwino.

Ndalemba pagulu la timu pa foni: "Phala lapezeka, Lamulungu masana." Anthu amene sindinawaonepo ku tireningi chiyambire chaka ayankha kuti abwera, wina akufunsa ngati jezi yake ikadalipo.

Apongozi ndawauza kuti adani athuwo ndi oopsa, amuna onyamula zitsulo tsiku lonse. Iwo angoti: "Ehe."

Lachisanu

Amayi a Tadala abwera ku shifiti akuseka mpaka kugwira khoma. Mkazi wa a Tembo ndi namwino mnzawo, wodi imodzi. Akuti madalaivala aja akhala akusaka timu yoti aigonjetse chiyambire kuzizira kuno, osaipeza. Anabwera kudzaonerera masewero athu omaliza a m'ligi, n'kuima kuseri kwa golo langa. A Tembo pofika kwawo akuti anauza mkazi wawo: "Uja golokipa ni mphaso yochokela kwa Mulungu."

Ndiye kuti phalalo ndife?

Ayi. Ndine.

Zandiwawa, sindinama. Munthu ndimadzuka m'mawa kukagwa m'matope chifukwa cha timu imeneyi, maondo onse zipsera. Ndapempha mkazi kuti asawauze bambo ake. Wati sawauza, koma ndikumumva akusekabe kubafa.

Chabwino. Awiri amene amasakana apezana. Lamulungu tiona phala ndi ndani!

Loweruka

Mvula kuyambira m'mawa. Foni ya a Tembo: goloboyi wawo watumidwa ndi thiraki ku Kalgoorlie, goloboyi winayo nyamakazi yamugwira chala chachikulu. "Tisiye chabe, ba sekiletale."

Tisiye?! Apongozi asita kale kabudula wakuda, asita ndi masokosi omwe.

Ndawachonderera a Tembo ngati mwana wamasiye. Ndalonjeza:
– madzi ndi malalanje, zonse za ine
– kufupikitsa nthawi ya masewero
– kupuma aliyense akamva chizungulire
– kuwabwereka goloboyi

Chomalizachi ndicho chawagwetsa. M'mutu mwanga muli Limbani, goloboyi wathu wapabenchi, wa chaka choyamba, wowonda ngati bango. Sanagwirepo mpira wa m'ligi, poti osewera ndimasankha ndine. Apite kwa madalaivala, akamwe zigoli, ine ndiziyasamula m'golo langa apongozi akuona jezi yoyera. Zonse zabwerera m'chimake. Ndine munthu wanzeru, kungoti anthu sadziwa.

Lamulungu

Kutuluka m'tchalitchi, molunjika kubwalo. Athu abwera ambiri moti benchi yachepa. Madalaivala atsika m'galimoto akutsimphina mpira usanayambe n'komwe.

Ndamugwira dzanja Limbani kuti ndikampereke. Wenzulo: pyee! Apongozi, zakuda zokhazokha, chifuwa patsogolo.

"Mkamwini, ameneyu ndiye goloboyi wanu woyamba?"

Ndati ayi bambo, woyamba ndine.

"Ndiye mlendo mum'patse mkute, inu mudye zapamoto? Kwathu mlendo timam'phera tambala. Apatseni wabwino koposa."

Ndayang'ana Yamikani, kaputeni wathu, kuti andipulumutse. Iye wavomera msanga kuposa a Tembo Lachinayi, mpaka wandinyamulira magolovesi kuwolokera tsidya linalo. A Tembo nkhope yagwa ngati alandira uthenga wa maliro. Koma apongozi sawatsutsa, makamaka atagwira wenzulo. Ndawoloka.

Zigoli:
– choyamba, pakati pa miyendo
– chachiwiri, ndimakonza golovesi
– chachitatu, dzuwa (kunali mitambo)
– zitatu zinazo sindikufuna kuzikamba

Mmodzi mwa ogoletsa ndi uja amabwera ku tireningi kudzadya malalanje okha. Kumapeto apongozi apereka penate kwa madalaivala, mwina mwachisoni. A Tembo amenya ndi mphamvu zonse za ku Chipata. Limbani wauwakha ngati akuthyola papaya.

Sikisi kwa ziro. Timu yathu yapambana koyamba chibadwire. Anyamata amunyamula Limbani m'mwamba, Yamikani akulira misozi yeniyeni. Ine ndaima ndi madalaivala, tikusenda malalanje.

Takwera galimoto kubwerera kunyumba, tafika pa maloboti. Kenako apongozi akonza kukhosi: "Mkamwini, ndanyadira. Timu yanu mwaithandiza kwambiri lero." Mkazi wanga kumpando wakumbuyo walowetsa nkhope m'juzi. Ndawayang'ana mkuluyo kuti ndione ngati akundiseka. Nkhope ya hedimasitala, siwerengeka. Ndimafuna andiyamikire kamodzi kokha, ndipo andiyamikira. Ndati zikomo bambo. Misozi yalengeza, sindikudziwa ngati ndi ya chimwemwe.

Yamikani walemba pagulu kuti ligi ikayamba m'golo mukhala Limbani, ine ndipitirize ulembi, poti "mumatha kusankha adani, achimwene."

A Tembo nawo atumiza uthenga. Akufuna chibwereza. "Koma ba sekiletale, uja golokipa mukhale naye mweka."

Mawa ndiperekeza apongozi kubwalo la ndege. Magolovesi ndawachapa, ndawaika m'sutikesi mwawo pafupi ndi wenzulo. Ku Dedza kumazizira.