Exec ndi Nsomba za Tiyanjane

Ndiyambe ndi kunena kuti firiza ija sindinaiphe ine. Inafa yokha ndi ukalamba, ndipo aliyense ku Nangongwe amene akufalitsa zoti ndinawoletsa nsomba za mng'ono wanga ndi kompyuta abwere adzandiuze pamaso. Zoti nsomba zinawola, inde zinawola. Zoti fungo linakafika kwa aneba a mseu wachiwiri, sindikutsutsa. Koma mbali yanga palibe anaimvapo, chifukwa tsiku limenelo aliyense anali atagwira mphuno.

Mng'ono wanga Tiyanjane ankakwatiwa ndi Miyanda, mnyamata wa kumtsinje. Amayi ake a mnyamatayo, omwe aliyense amawatchula kuti bina Miyanda, agulitsa nsomba pa Kafue kuyambira ife tisanamere mano. Ife kwathu ndi kum'mawa, agogo anabwera kuno kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo mphekesera inali itatipeza kale yoti mayiwo anafunsa pagulu ngati mwana wokulira mbewa angadziwe kuphika nsomba. Tiyanjane zinamulasa mtima. Ndiye pokonzekera chilanga mulilo, mwambo uja akuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu n'kukatula kwa mkamwini, iye analumbira kuti mphika wa nsomba ndi umene udzatseke pakamwa apongozi akewo. Anapita yekha kwa asodzi akutali ndi tebulo la mayiwo, n'kusankha nsomba zonona za mabulimu, imodziimodzi, akuitembenuza ndi kuidina ndi chala.

Nsombazo zinakasungidwa mufiriza ya azakhali athu. Magetsi masiku amenewo ankabwera ngati mlendo, ndipo Tiyanjane ankada nkhawa. Apa m'pamene ine ndinatulukira poyera. Ndimakonza mafoni pakashopu kena pafupi ndi msika, komanso ndinachitako kosi ya makompyuta ku Lusaka (satifiketi ili pakhoma, wokayika abwere adzaione). Ndinatenga kakompyuta kakang'ono kokwana m'dzanja, kachingwe koyezera kuzizira, kagalasi kosonyeza nambala ndi batire loti kazigwirabe ntchito magetsi akathima. Ndinalemba pulogalamu n'kuitcha mlonda. Ntchito yake inali kuyeza kuzizira, kuitana pulogalamu ina yotchedwa chikwangwani kuti ilembe nambalayo pagalasi, kupuma pang'ono, n'kuyezanso. Firiza ikayamba kufunda, mlondayo anditumizire uthenga pafoni.

Poitana chikwangwanicho ndinagwiritsa ntchito lamulo lotchedwa exec. Ndinali nditawerenga kuti lamuloli limayendetsa pulogalamu ina popanda kutsegula ntchito yatsopano m'kompyuta, ndipo popeza kakompyuta kanga kanali kochepa malo, ndinadziona wanzeru kwambiri. Ndinayesa. Nditayatsa, nambala inaoneka. Ndinazimitsa, n'kufumbata kachingwe kaja m'manja, n'kuyatsanso, nambala inasintha. Ndinachita zimenezi kangapo, nthawi zonse ndikuzimitsa ndi kuyatsa. Zoti ndingokasiya kayende kokha ndione ngati nambala isinthe, sizinandibwerere m'mutu (ndipo inunso musanamizire kuti zikanakubwererani).

Azakhali anaima chapatali, manja m'chiuno, pamene ndinkamangirira zipangizozo.

"Iwe, ka wayilesi aka ndiye kazasunga nsomba?"

"Si wayilesi, ba anti, ni kompyuta. Firiza ikayamba kupya kazanitumila meseji."

"Nanga kakapanda kutuma?"

"Ninshi vonse vili che bwino."

Kenako ndinakhoma loko pafiriza n'kutenga kiyi. Chifukwa chake chinalipo. Azakhali anali ndi chizolowezi chotsegulira mlendo aliyense kuti aone kukula kwa nsombazo, ngakhale wobwera kudzapempha moto, ndipo kutsegulatsegula kumathawitsa kuzizira. Mpaka lero ndikunena kuti maganizo amenewa anali olondola.

Mkati mwa sabata azakhali anaimba foni.

"Iwe, firiza yakhala zii. Malaiti yabwela koma siilila."

"Pa galasi palembeka chani, ba anti?"

"Vamene vija. Kamzele na eyitini."

"Ndiye kuzizila kwabwino uko. Firiza yabwino siipanga chongo."

Pofuna kutsimikiza, ndinalowa m'kakompyutako kudzera pafoni yanga ndili kushopu. Ntchito iliyonse imene ikuyenda m'kompyuta imapatsidwa nambala yakeyake, ngati wapolisi. Ndinali nditasunga nambala ya mlonda wanga, ndiye ndinangofunsa ngati nambalayo ikadalipo. Inalipo. Ndinabwezera foni m'thumba mtima uli m'malo, n'kupitiriza kumata galasi la foni ya kasitomala.

Tsiku lotsatira anaimbanso, akuti amphaka a komboni yonse asonkhana pakhomo pawo. Ndinawayankha kuti mphaka sadziwa sayansi. Tiyanjane naye anandifunsa, mawu ali pansipansi, ngati sizingakhale bwino kungotsegula n'kusuzumira. Ndinamuonetsa foni, nambala ili pomwepo, n'kumuuza kuti asandiphunzitse ntchito poti ine sindimuphunzitsa kukazinga.

Loweruka la mwambowo m'mawa ndinafika kwa azakhali nditatchena chitenje chofanana ndi cha anzanga, kiyi ndikuizunguza pachala. Pabwalo panali mbaula zambirimbiri, amayi akusenda, ena akusinja, oimba ng'oma akuwamba ng'oma zawo pamoto. Tinalowa m'nyumba ndi mabeseni. Kafungo kanalipo, koma ndinati mwina ndi khoswe wafera kudenga. Ndinatsegula loko, n'kukweza chivundikiro.

Abale anga, sindinaonepo amayi akuluakulu akuthamanga chotero. Wina anadutsa pawindo. Mufiriza munali madzi obiriwira, mabulimu a Tiyanjane akuyandama mimba zili m'mwamba, otupa ngati mitsamiro. Ndipo pamwamba pake kagalasi kanga kanali kuwala bwinobwino, kakunenabe kuti kamzere ndi eyitini.

Tiyanjane sanathawe. Anakhala pansi pomwepo, pasimenti, n'kundiyang'ana.

"Sisi, munakamba ati muyang'anila."

Akanakuwa bwenzi nditamuyankha. Koma analankhula motsitsa, ndipo zinandipweteka kuposa matemberero onse amene azakhali ankandiponyera ali panja.

Nthawi inali itatha. Anthu anathamangira kumsika n'kubwerera manjamanja, kunali tinsomba tating'onoting'ono basi. Aliyense ankadziwa tebulo limodzi lokha pa Kafue pamene mabulimu aakulu sasowa ngakhale dzuwa litakwera, ndipo aliyense ankadziwanso woti atumidwe kumeneko.

Ndili m'minibasi yopita kumtsinje, anthu atandipatukira chifukwa cha fungo, ndinatsegulanso kakompyuta kaja pafoni. Ulendo uno sindinafunse nambala yokha, ndinayang'ananso dzina lolembedwa pambali pake. Nambala inali ya mlonda. Dzina linali chikwangwani.

Apa ndi pamene ndinamvetsa zimene exec imachita. Siituma pulogalamu ina kuti ikagwire ntchito n'kubwerako. Imakolopa pulogalamu yoitanayo, malangizo ake onse ndi zonse zimene inkakumbukira, n'kulowetsa yatsopanoyo m'malo omwewo, nambala n'kukhala yomweyo. Zili ngati mwauza mlonda kuti aitane wolemba zikwangwani, ndiye wolembayo pofika n'kumuvula mlondayo yunifolomu, kuivala iye, n'kukhala pampando wake. Mizere yonse imene ndinalemba pansi pa exec, ya kupuma, ya kuyezanso, ya kunditumizira uthenga, sinawerengedwepo ngakhale kamodzi. Mlonda wanga anayeza kuzizira kamodzi kokha, tsiku lomwe ndinakhoma loko, n'kutha pomwepo. Chotsala chinali chikwangwani chogwira nambala imene chinapatsidwa. Zoyenera zinali kuyamba ndi lamulo lina lotchedwa fork, limene limagawa ntchitoyo pawiri, kholo ndi mwana, kuti exec idye mwanayo kholo lizilonderabe. Mzere umodzi wokha! Ndinamenya mpando wakutsogolo mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndikutsika.

Bina Miyanda anali patebulo lawo, akuthamangitsa ntchentche ndi kanthambi. Anayang'ana chitenje changa, anayang'ana beseni, n'kukoka mpweya ndi mphuno kamodzi, kenako n'kundipatsa moni wa Chitonga.

"Mwabuka buti, bamulamu ba Miyanda? Nanga simufunika kunkala pa moto imwe?"

"Tili pa moto, amama. Nafuna chabe mabulimu, yakulu."

"Ya chani?"

"Ya kudya."

Sindinagwetse nkhope. Ndinasankha nsombazo ndikuzidina ndi chala ngati ndikudziwa chimene ndikufuna, iwo akungondiyang'ana. Pomaliza anaponyamo ina yaikulu ya mbasela, n'kunena kuti imeneyo ndi yoti mwina zina ziwole panjira. Ndinathokoza mokweza kuti amsika onse amve kuti sindikuchita manyazi (ndinkachita).

Tiyanjane anaphika nsombazo. Mwamwambo mkwatibwi amatsala kunyumba, ndiye ife tinasenza miphika, ng'oma zikulira, ine ndili pakati ndi mphika womwewo pamutu poti azakhali anati ndiusenze ndine. Kwa mkamwini alangizi anamasula nsalu ndi mano, n'kumavundukula mphika umodziumodzi. Atafika pa wa nsomba, bina Miyanda anasendera pafupi, n'kuloza imodzi yoduka chipsepse.

"Iyi niiziba. Kuseni yenze pa tebulo panga."

Nyumba yonse inaphulika ndi phwete. Iwo anabenthula, n'kutafuna nthawi yaitali, maso ali kudenga. Kenako anabenthulanso kachiwiri.

"Mukamuuze mwana uyo ati kupika aziba. Koma akabwela pano abwele yeka, mukulu wake asale."

Madzulo ndinamupeza Tiyanjane atakhala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi dzenje lomwe anakwiriramo nsomba zake. Ndinamufotokozera zonse, kuti anabenthula kawiri, kuti anati kuphika amadziwa. Ndinaonjezanso kuti atati aganize bwino, firiza ndi imene inayamba kufa, ndipo cholakwa changa chinali mzere umodzi basi, womwe ndaukonza kale.

"Sisi," anatero, "nenze kufuna badye zamene ninasanka neka."

Ndinakhala pansi pambali pake, pafupi ndi dzenjelo.

Pa ukwati weniweniwo, womwe uli mwezi wamawa, komiti yandichotsa ku zakudya n'kundipatsa udindo woyang'anira mipando, akuti mipando siwola. Ndavomera popanda kukangana. Koma nyama ya ukwatiwo akuisunga mufiriza ya aneba, ndipo kuseri kwake, kumene tsache silifika, kuli kakompyuta kakang'ono kamene palibe akukadziwa. Pano fork ilimo, ndipo ndakayesa osazimitsa. Loko yokha sindinakhome, chifukwa azakhali anaitaya m'chimbudzi.