Sopo Amene Tinamusamala

M'boma lina limene dzina lake sitilitchula, kuopa kuti abale angadzizindikire, munali mudzi wa anthu odziwa kusamala katundu. Ine wolembane kwathu n'komweko, ndipo ndinali Wapampando wa Komiti Yaikulu Yoona za Sopo ndi Ndowa. Udindowu ndinaulandira ndi manja awiri, osasamba.

Temu yachiwiri itangoyamba, mvula ili pakati, kolera anamveka m'midzi yoyandikana nafe. Ofesi ya maphunziro inatumiza kusukulu kwathu ndowa ya mpopi, mtanda umodzi wa sopo ndi kalata. Kalatayo inati pakatha milungu iwiri kudzafika woyendera sukulu, ndipo sukulu yosatsata zaukhondo idzatsekedwa. Ana a Sitandade 8 anali ndi mayeso kutsogolo, choncho mitima inali m'mwamba.

Mphunzitsi wamkulu, a Mkwezalamba, anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango.

"Makolo, taganizani. Ana athuwa mukuwadziwa. Abwana akadzati sopo ali kuti, ana atamumaliza, tidzaonetsa chiyani?"

Tinaomba m'manja mpaka manja kuwawa. Nzeru zotere sizipezeka paliponse.

Sopo analowa m'kabati ya mapepala a mayeso, kiyi n'kukhala m'thumba langa. Ndowa tinaifunditsa chitenje kuti fumbi lisaione. Lachisanu ana ankaloledwa kudutsa pamzere n'kumuona sopoyo, manja ali kumbuyo. Akachoka kuchimbudzi ankapukutira pa yunifomu monga mwa kale, ndipo ife tinkati ndi mwambo.

Mayi Nachisale, mphunzitsi wa Sitandade 8, ndiwo anavuta.

"Apampando, sopoyu anabwera kuti ana azisamba m'manja. Akadwala mmodzi tidzati chiyani?"

"Mayi, inu mukufuna sukulu itsekedwe eti?" ndinawafunsa. Anabwerera m'kalasi mwawo, ine n'kumva kukoma.

Sukulu ya kutsidya la mtsinje tinkaiseka kwabasi. Anthu osaganiza za mawa aja sopo wawo anali atatha, watsala ngati chikhadabo.

Tsiku linafika. Kwaya inaimba nyimbo ya ukhondo, ine n'kutulutsa sopo pa mbale yadothi. Woyendera sukulu, Mayi Kamwendo, anamutembenuza uku ndi uku.

"Sopo wokongola uyu. Zilembo zake zonse zikuwerengeka."

"Palibe chala cha mwana chimene chamukhudza, bwana," ndinatero, chifuwa chili patsogolo.

"Mwati bwanji?"

Ndinabwereza mokweza kuti a kumbuyo amve. A Mkwezalamba anawonjeza kuti ngakhale ndowayo sinalawepo madzi.

Mayi Kamwendo analemba mizere iwiri m'buku lawo. "Zikomo, makolo, mwandipeputsira ntchito. Kwina ndimachita kufufuza. Sukuluyi yatsekedwa kuyambira lero."

Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze. Potsanzikana ndinatambasula dzanja. Iwo analiyang'anitsitsa, kenaka anangondiweramira ali chapatali.

Tsopano Mayi Nachisale amawolotsa ana a Sitandade 8 m'mawa uliwonse kupita kusukulu ya anthu osaganiza aja, ndipo mwana wanga Tionge ali m'gulu lomwelo. Komiti yathu inakumana kuti ione pamene panalakwika. Titakambirana mozama, tinagwirizana kuti tilembe kalata yodziwitsa ofesi ya maphunziro kuti sopo wawo akadali bwinobwino.