Galimoto Yoopa Apongozi

Inu, tamverani, basiyi sifika msanga. Khalani pansi ndikuuzeni za Uladi, mwana wa mlongo wanga, ndi galimoto yake.

Zinali zaka zija munthu unkatha kuiwala nsapato kunyumba koma osati khadi ya chipani. Anzake a Uladi pochokera ku Joni anabwera ndi mabulangete ndi makina osokera. Iye anabwera ndi kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri, kotsika ngati kamba, akuti azungu ankapikisana nako liwiro. Ndiye anakhutira? Iyayi! Anapita nako ku Balaka kwa makanika wina, Willard.

"Mundipalire fulaiwilo ipepuke, kilachi muikemo ya mpikisano. Ku Joni amatero."

Fulaiwilo, kwa inu oyenda pansi, ndi chitsulo cholemera chokhala pakati pa injini ndi giyabokosi, chimene chimaletsa injini kuchita phuma.

"Liwiro mulipeza," anatero Willard, "koma mukaima, magiya azigundana mano. Komanso sitata yanuyi inafa, bwanji tiyambe imeneyo?"

"Sitata ndi ya nkhalamba. Ya mpikisano amachita kukankha."

Chabwino. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imfotere yekha.

Liwiro linalipodi, sindinama. Koma ikangoima, gwedegwede! gwedegwede! ngati munthu wa malungo. Akaponda kilachi, zii. Akachotsa phazi, gwedegwede! Tsiku lina pa Nsanama achinyamata a chipani anatiimitsa kuti aone makhadi. Mmodzi anagwada n'kusuzumira kunsi kwa galimoto.

"Mwabisa ndani? Tulukani, inu mukunjenjemera inu, tikudziwa mulibe khadi!"

Msika wonse unagwa nako kuseka. Uladi analumbira kuti phokosolo palibe adzalimvenso, ndipo kuyambira pomwepo akaima paliponse phazi linkakhala pa kilachi.

Tsono Uladi ankafuna mtsikana wina wa kwa Kawinga, Zaina. Ankamufunadi, mpaka kuonda naye. Koma mawu omaliza anali kwa atsibweni ake a mtsikanayo, Che Usumani, munthu woti ukamudutsa osavula chipewa amakumbukira mpaka chaka chamawa. Tsiku lokaonekera, ine monga atsibweni a mnyamata ndinati, "Galimotoyi tiisiye kumsewu, tilowe wapansi."

"Atsibweni, ndiye aiona bwanji?"

Tinalowa nayo mpaka pabwalo. Akuluakulu ali ndandanda pamikeka, makofia ali mbuu kumutu. Ine ndinatsika, kuvula nsapato, kunjuta, kupereka salamu bwinobwino. Ndicheuke, mphwanga ali phee m'galimoto! Kuzimitsa sangazimitse, adzakankha ndani, apongozi? Kuchotsa phazi sangachotse. Ndiye anangotulutsa mutu pawindo ngati kondakitala.

"Salamu alaikumu nonse kumeneko!"

Abale inu, manyazi anandigwira mpaka m'zikhadabo.

"Mlendo wathuyu ndi wolumala?" anafunsa Che Usumani.

"Iyayi, mwendo wangochita dzanzi."

"Ndiye anyamata akamunyamule."

Ndinathamangira pawindo. "Tsika, chitsiru iwe, mkazi akupita!"

"Atsibweni, lowani mundipondereko pang'ono chabe."

Ine, munthu woti chiyambire ndimangodziwa njinga, ndinalowa n'kuponda chitsulocho ndi phazi lopanda nsapato. Uladi anatsika, kukanjuta ali wefuwefu. Tsono taonani chinkhoswe chake: mkamwini ali pamkeka, nkhoswe ili m'galimoto! Che Usumani akafunsa kanthu, ine ndinkayankha mokuwa pawindo, "Tamva!"

Ndipo akuluwo sankafulumira. Anayamba ndi pemphero lalitali, kenako mbiri ya mbumba yawo kuyambira agogo amene anawoloka nyanja ya Chiuta. Kilachi ya mpikisano, inu, ndi yolimba ngati msampha wa nguluwe. Mwendo unayamba kuvina wokha, thukuta lili kamukamu.

Apo mayi ake a Zaina anandimvera chisoni. Anabwera ndi chikho cha thobwa n'kugwada pafupi ndi chitseko. Nanga munthu wamkulu wagwada, iwe ungalandire uli tambalale ngati bwana? Ndinadzuka pang'ono kuti ndiwombe m'manja. Phazi tere!

Gwedegwede! Gwedegwede! Gwedegwede!

Nkhuku balala, ana kulira, mayi aja kuponya chikho n'kuliyatsa liwiro akukuwa, "Majini! Abwera ndi majini!" Ine pofuna kuitontholetsa ndinapondanso, dzanja n'kutsamira ndodo ya magiya. Phazi litatereranso, kamba uja anadumpha ngati chule, molunjika pankhokwe. Phofo! Mwendo wa nkhokwe thyoo, chimanga khuthuu pamwamba pa galimoto, injini n'kuzima.

Che Usumani anadzuka mosapupuluma, anaizungulira galimoto ija, n'kuisisita pamphuno.

"Iyi yokha inaleredwa," anatero. "Yaona akuluakulu yanjenjemera, yafika pankhokwe yagwada. Ikanabwera yokha tikanaipatsa Zaina. Koma uyu wopereka salamu pawindoyu, iyayi."

"Pepani, Che Usumani," Uladi anayamba kufotokoza, "ndi fulaiwilo chabe, tinachita kuipala kuti ipepuke."

"Oho! Ndiye wopalayo anayambira kumutu kwanu."

Inu, anthu aja anatikankha ndi mtima wonse. Amuna, akazi, ana, ngakhale Zaina yemwe anamanga chitenje m'chiuno n'kukankha nawo, ndipo ndi amene ankakankha kwambiri. Chaka chisanathe anakwatiwa ndi Hamadi wogulitsa usipa, wa njinga yopanda ndi belu lomwe.

Pobwerera mtima unandiwawa, chifukwa mwanayo ndinamuonadi akupukuta misozi. Tinayenda mpaka pafupi ndi Nsanama. Ndinati mwina tsopano nzeru zalowa. Kenako ndinamva akukonza kukhosi.

"Koma atsibweni, tinene zoona. Munaona mmene inanyamukira popita pankhokwe paja?"